Bondo la kavalo likatupa

Taganizirani akavalo awiri ataima m'khola limodzi m'mawa. Woyamba ali ndi chotupa chachikulu ngati lalanje kutsogolo kwa bondo, chofewa ngati thumba la madzi, koma iye akudya udzu wake mosatekeseka ndipo mukamutulutsa akuponda bwinobwino. Wachiwiri bondo lake langofufuma pang'ono, moti wodutsa sangaone kanthu, ndipo pakhungu pali kabala kakang'ono ngati kobayidwa ndi minga ya mthethe. Koma iye waupinda mwendowo, akungogunditsa nsonga ya chiboda pansi, thukuta lili kamukamu, chakudya sakuchiyang'ana n'komwe. Anthu ambiri mukawafunsa kuti wodwala kwambiri ndi uti amaloza woyambayo, poti diso limathamangira chachikulu. Chonsecho woyambayo angakhale zaka ndi chotupa chakecho osavutika, pamene wachiwiriyo akapanda kuthandizidwa lero lomwe angalumale mpaka kalekale, mwinanso kuphedwa chifukwa cha ululu wosachizika. Kukula kwa chotupa sikutiuza kukula kwa vuto. Ena mwa akavalo amene amathera pa bondo amawonongeka chifukwa cha changu cha munthu wofuna kuphwetsa chotupacho, kapena kuthetsa kutsimphinako, asanadziwe chimene chili m'kati.

Chimene timachitcha bondo pa mwendo wakutsogolo wa kavalo, kapena kuti hatchi, si bondo ngati lathuli. Mukayerekeza mafupa ake ndi a munthu, malowo ndi ofanana ndi pamene timavala wotchi, polumikizira dzanja ndi mkono. Kavalo amaima pa chala chimodzi, ndipo chiboda ndicho chikhadabo chake. Bondo lofanana ndi lathu lili ku mwendo wakumbuyo, m'mwamba pafupi ndi mimba. M'bondo lakutsogololi muli timafupa 7 kapena 8 tosanjikizana m'mizere iwiri ngati njerwa, ndipo muli mfundo zitatu, ndiko kuti malo atatu pamene mafupa amakumana. Ziwiri zam'mwamba ndizo zimatseguka kavalo akapinda mwendo, yam'munsiyo siyenda kwenikweni. Pamene timafupato timakhudzana pali chicherewecherewe chosalala, ndipo mfundo iliyonse yakutidwa ndi kathumba kokhala ndi madzi oterera ochepetsa kukhulana. Pamwamba pake pamadutsa mitsempha yowongola mwendo, uliwonse m'chimake chake momwenso muli timadzi. Kenako khungu, basi. Palibe mnofu wotchinjiriza ngakhale pang'ono. Komanso miyendo yakutsogolo imasenza pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi, kutanthauza kuti kavalo wa makilogalamu 500 amaika makilogalamu 300 pa miyendo iwiriyi atangoima chabe, asanayambe kuthamanga kapena kutsika chitunda ngolo ikumukankha kumbuyo.

Ndiye kuti pa malo osaposa chikhatho, madzi angasonkhane m'zipinda zingapo zosiyana, ndipo apa chala chimaona bwino kuposa diso. Akasonkhana pansi pa khungu penipeni, kutsogolo kwa bondo, amapanga thumba lozungulira, lozizira, losapweteka, limene madokotala a ziweto amalitcha hygroma. Limabwera bondo likamagundidwa pamalo amodzimodzi masiku ambiri: kavalo wogona pa simenti popanda udzu woyala, wogogoda chitseko ndi bondo nthawi ya chakudya ikayandikira, kapena wogwada kuti adye msipu wa kuseri kwa mpanda. Uyu ndiye kavalo woyamba uja. Alimi a ng'ombe amachidziwa chotupa chotere, ngakhale kuti pa ng'ombe chimafunika kuchenjera nacho mwapadera, chifukwa kawirikawiri chimayendera limodzi ndi brucellosis, matenda opoloza mabere amene amagwiranso anthu. Madzi akakhala m'chimake cha mtsempha, chotupa chimakhala chachitali, chotsata mwendo kuchokera m'mwamba kutsika. Akakhala m'mfundo, timaenje timene timaoneka kutsogolo kwa bondo labwino timafafanizika, m'malo mwake mumatukuka timatumba tofewa topingasa bondo, ndipo mukadina kamodzi kena kamafufuma. Mukadina n'kutsala chibowo cha chala ngati pa nsima, madziwo alowerera m'minofu ya pansi pa khungu, ndipo gwero lake likhoza kukhala kutali ndi bondo. Mukapeza cholimba ngati mwala, limenelo ndi fupa latsopano lomera pamene panavulala kale. Zonsezi munthu angazitche dzina limodzi kuti bondo latupa, koma ndi matenda osiyana, ndipo mankhwala a limodzi ndi poizoni wa linzake.

Choopsa kuposa zonse ndi majeremusi kulowa m'mfundo. Kavalo akapunthwa pa msewu wa miyala kapena wa phula amagwera mawondo, ndipo amagwa mawondowo atapindika, nthawi imene mfundo zatseguka ndipo khungu lakokeka n'kupyapyala. Kamwala kakuthwa, waya kapena minga zimatha kuboola mpaka m'kati. Akadzuka n'kuwongola mwendo khungu limabwerera m'malo, ndiye bala lakunja silikhalanso moyang'anizana ndi bowo lam'kati, n'chifukwa chake kabala kooneka kopepuka kamanamiza anthu. Nthawi zina pabalapo pamatuluka timadzi tachikasu pang'ono koma toonekera bwino, timene mukatigwira pakati pa zala ziwiri timatamuka ngati therere. Amenewo si mafinya, ndi madzi a m'mfundo, ndipo akaoneka ndiye kuti khomo latseguka. Tsiku loyamba kavalo angayende ndithu, makamaka ngati madziwo akutuluka. Bowo likatsekeka, bondo limatentha, limafufuma, ndipo kavalo amakana kuliponda. Mabakiteriya pamodzi ndi nkhondo imene thupi limachita polimbana nawo zimadya chicherewecherewe m'masiku ochepa, ndipo chicherewecherewe chilibe mitsempha ya magazi, choncho chikadyeka sichimeranso monga chinalili. Chithandizo chake ndi kutsuka m'kati mwa mfundo ndi malita a madzi a kuchipatala ndi kupereka mankhwala opha mabakiteriya, ntchito ya dokotala yekha, ndipo apa timawerenga maola osati masabata. Bala lililonse lotere limabweretsanso chiopsezo cha kafumbata, matenda amene akavalo amagwidwa nawo msanga kuposa ziweto zambiri ndipo ochuluka sapulumuka. Katemera wake alipo, ndipo sindikuona chifukwa chomveka chosungira kavalo wosabayitsa.

Koma bondo lotupa ndi mwendo wotsimphina zikapezeka pamodzi, sizitanthauza kuti chimodzi chabala chinzake. Kutsimphina kochuluka kwa miyendo yakutsogolo kumachokera m'chiboda, osati m'bondo. Kamwala kapena msomali zikalasa kunsi kwa chiboda, mafinya amasonkhana m'kati mwa chikhadabo cholimba momwe alibe kothawira, kavalo amayenda ndi miyendo itatu ngati wathyoka, ndipo mwendo umatupa kukwera mpaka kufika pa bondo. Mwini akataya sabata akupaka mankhwala pa bondo, chithupsa chili phee m'chiboda. Nthawi zinanso kavalo amakhala ndi hygroma yakalekale pa mwendo womwewo umene lero walasidwa, chotupa chosalakwa n'kusenza mlandu. N'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito yake sayambira pa chotupa. Amayamba waona kavalo akuyenda ndi kuthamanga pang'ono pa malo olimba ndi osalala, akuyang'ana mutu: mwendo wopweteka ukamaponda kavalo amadzutsa mutu kuti aupepukitse, wabwino ukamaponda amauweramitsa. Kenako amatsuka chiboda, kuchipana ndi chopanira mbali zonse, ndi kumva ngati chikutentha. Akatero amapinda bondo. Bondo labwino limapindika mpaka kumunsi kwa mwendo kukhudza kumtunda kwake popanda kavalo kudandaula. Amaligwira chipindire pafupifupi mphindi imodzi n'kumuthamangitsanso, ndipo ngati kutsimphina kwakula, bondo layamba kukayikitsa. Umboni womaliza ndi jakisoni wochititsa dzanzi: amayamba kumunsi kwa mwendo kukwera, ndipo malo amene akabaya kavalo n'kusiya kutsimphina, pamenepo ndi pamene pali ululu. Zithunzi za X-ray ndi za ultrasound zimabwera pambuyo, kudzaonetsa chimene chawonongeka pa malo opezeka kale.

Bondo likapezeka kuti ndilo lolakwa popanda bala, funso lotsatira ndi ntchito imene kavaloyo amagwira. Akavalo a mpikisano, monga amene amathamanga pa Durban July ku Greyville kapena pa Borrowdale Park ku Harare, amafika liwiro la makilomita 60 pa ola, ndipo pa liwiro lotere pali kamphindi pamene thupi lonse limatsamira pa mwendo umodzi wakutsogolo. Kavalo akatopa chakumapeto kwa mpikisano minofu imalephera kugwira bondo, limapindikira kumbuyo pang'ono, ndipo m'mphepete mwa timafupa tija chakutsogolo mumapanikizana. Fupa ndi chinthu chamoyo, limalimba likamapatsidwa ntchito pang'onopang'ono, koma likapanikizidwa mobwerezabwereza popanda nthawi yodzikonza limachita timing'alu, mpaka tsiku lina kachidutswa kamabenthuka. Anthu amati wavulala lero, pamene kuvulalako kunayamba miyezi yapitayo. Nthawi zina fupa lotchedwa third carpal limang'ambika kuchokera m'mwamba mpaka m'munsi, ndipo limafunika kulimanga ndi sikuluwu. Kachidutswa kakang'ono kamangofufumitsa mfundo ndi kutsimphinitsa pang'ono, kavalo amayenda motangadza miyendo, ndipo akapuma masiku angapo amaoneka ngati wachira. Koma kotsala m'katimo kamapitiriza kukanda ngati mchenga m'diso. Kale pochotsa tizidutswa totere ankatsegula mfundo yonse, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1980 opaleshoni yolowetsa kakamera pa kabowo kakang'ono inafala, ndipo mmodzi mwa amene anaikulitsa ndi Wayne McIlwraith, dokotala wobadwira ku New Zealand amene wagwira ntchito zaka zambiri pa Colorado State University ku America. Akavalo ambiri ochitidwa opaleshoni imeneyi msanga amabwerera ku mpikisano, ndipo mwayi umachepa malinga ndi kuchuluka kwa chicherewecherewe chimene chadyeka kale.

Kavalo wokoka ngolo safika liwiro limenelo, koma amafika pa mapeto omwewo podzera njira yaitali. Katundu wopyola muyezo, msewu wolimba, kuthamangitsidwa potsetsereka, ziboda zosadulidwa kapena zodulidwa mopendekeka, zonsezi zimadya mfundo pang'onopang'ono mpaka kusanduka nyamakazi ya m'mafupa. Chicherewecherewe chimapyapyala, thupi limameretsa fupa m'mphepete, bondo limakhala lamabwampubwampu ndi louma, losapindika mokwanira. Kavalo wotere amauma m'mawa ndi nyengo yozizira, amamasuka akayenda pang'ono, ndipo amapunthwa kawirikawiri chifukwa sakweza mwendo mokwanira, n'kugweranso mawondo omwewo. Kukula kwa vutoli pakati pa akavalo a ntchito kunaonekera pa kafukufuku wa akatswiri a University of Bristol amene anasindikizidwa mu 2009: mwa akavalo okoka ngolo oposa 200 amene anayezedwa ku India ndi ku Pakistan, onse anapezeka akutsimphina, ndipo pafupifupi onse anali ndi vuto pa miyendo yonse inayi. Chomvetsa chisoni n'chakuti kavalo amene miyendo yonse ikupweteka sadzutsa mutu, poti alibe mwendo wabwino wotsamirapo. Amangofupikitsa mapazi n'kumayenda monyinyirika, ndipo mwini amati ndi ulesi.

Msinkhu nawonso umasintha yankho. Mwana wa kavalo wa masiku kapena masabata ochepa akatupa bondo n'kumatsimphina, eni ake amafulumira kunena kuti mayi wake wamuponda. Zimachitika ndithu, koma madokotala amaphunzitsidwa kuganiza za majeremusi kaye mpaka umboni utakana. Mwana wa kavalo amabadwa wopanda chitetezo cha m'magazi, ndipo amachilandira kudzera mu mkaka woyamba, wachikasu uja. Matumbo ake amatha kuyamwa chitetezocho bwino m'maola 12 oyambirira, ndipo pofika maola 24 khomo latsekeka. Akauphonya mkakawo, mabakiteriya olowera pa mchombo, m'matumbo kapena m'mapapo amayenda ndi magazi n'kukakhazikika m'mfundo, nthawi zina zingapo nthawi imodzi. Kuonetsetsa kuti wayamwa msanga, kutsuka mchombo ndi mankhwala opha majeremusi ndi kusunga khola louma kumateteza kuposa mankhwala alionse operekedwa bondo litatupa kale. Kavalo wa chaka chimodzi kapena ziwiri ali ndi vuto lakelake. Pamwamba pa bondo pali malo amene fupa limakulira, omwe satsekeka mpaka zaka ziwiri kapena ziwiri ndi theka. Malowa amatha kutupa molimba ndi kufunda, makamaka mbali yam'kati, kawirikawiri miyendo yonse iwiri, ngati kavalo akukula mothamanga chifukwa chodyetsedwa chimanga ndi zakudya zina zonenepetsa mopitirira, kapena ngati mchere wa m'thupi sukulingana. Mankhwala ake enieni ndi kuchepetsa chakudyacho ndi ntchito.

Pa nkhani ya mcherewu mpofunika kuimapo, chifukwa ikukhudza chakudya chimene chili pafupi ndi aliyense woweta kwathu kuno, madeya. Gaga wa chimanga, monganso wa tirigu, ali ndi fosifolasi wambiri koma kashiamu wochepa kwambiri, pamene kavalo amafuna kashiamu woposa fosifolasi, pafupifupi kawiri. Akamadya madeya ambiri miyezi ndi miyezi, thupi limayamba kukumba kashiamu m'mafupa ake omwe. Mafupa amafewa, kavalo amatsimphina mwendo uwu lero, mawa winawo, mfundo zimapweteka, ndipo pamapeto mafupa a nkhope amafufuma. Ku Ulaya matendawa ankadziwika kuti ndi a akavalo a eni zigayo, poti iwo ndiwo anali ndi gaga wotaya. Udzu wina wa kumadera otentha, monga kikuyu ndi setaria, umabweretsa vuto lomweli mwa njira ina: uli ndi oxalate amene amamanga kashiamu m'matumbo kuti thupi lisamuyamwe. Munthu angapake bondo mankhwala chaka chathunthu pamene chofunika ndi laimu wa ziweto m'chakudya, kapena zomera za mtundu wa nyemba monga masamba ouma a mtedza.

Pali kutupa kwina kumene bondo langokhala panjira. Kabala kakang'ono kumunsi kwa mwendo kakalowa mabakiteriya, mwendo wonse umatupa usiku umodzi ngati mtondo, wotentha, wopweteka ukangokhudzidwa, thupi likutenthanso. Kulumidwa ndi mphiri kumatupitsa mofananamo. Ku Ethiopia, dziko lokhala ndi akavalo ambiri mu Africa, akavalo okoka ngolo za anthu m'matauni amavutika ndi epizootic lymphangitis, matenda a fangasi olowera pa zilonda za zingwe zomangira ndipo amafalitsidwanso ndi ntchentche. Amapanga timabuluzi totsatizana ngati mikanda m'mwendo ndi m'khosi, tomwe timaphulika n'kumatuluka mafinya. Kafukufuku wa Gobena Ameni wa mu 2006 anapeza matendawa mwa pafupifupi kavalo mmodzi pa asanu alionse amene anayezedwa. Miyendo ikatupa iwiri kapena yonse inayi, pamodzi ndi kunsi kwa mimba, kavalo akuonda ndi kufooka, maganizo apite ku magazi: tizilombo tofalitsidwa ndi kashembe kapena nkhupakupa, kapena kuchepa kwa zomanga thupi. Kashembe yemweyu, pamodzi ndi mliri wa African horse sickness, ndi zina mwa zifukwa zimene akavalo sanachulukirepo m'madera athu ngati mmene alili ku Lesotho. Ndipo pali kutupa kopanda vuto kwa kavalo amene wangoima m'khola usiku wonse, kumene kumaphwa akayenda mphindi zochepa.

Wina anganene kuti zonsezi n'zabwino kwa amene ali ndi chipatala cha akavalo pafupi, koma kwa munthu amene dokotala wa ziweto ali pa mtunda wa tsiku lathunthu ndipo makina a X-ray sanawaonepo, kusiyanitsa matenda n'kutaya nthawi. Dandaulo lake ndi loona, koma mapeto ake ndi olakwika. Munthu wotereyu ndiye akufunika kusiyanitsa kuposa wina aliyense, chifukwa ayenera kusankha tsiku loti awononge ndalama ya ulendo ndi tsiku loti adikire. Zida zake ndi maso, manja ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Kavalo wamkulu wabwinobwino amatentha madigiri 37.5 mpaka 38.5, ndipo mtima wake umagunda ka 28 mpaka 44 pa mphindi atapuma. Ngati akukana kuponda, ngati pali bala pafupi ndi mfundo, ngati thupi latentha, ngati mwendo wapindika mosayenera, kapena ngati wodwalayo ndi mwana wakhanda, palibe chodikira: tsukani bala ndi madzi owiritsa oziziritsa othira mchere pang'ono, phimbani ndi nsalu yoyera, musamuyendetse, itanani dokotala, ndipo mutumizireni chithunzi ndi kanema wa pafoni kuti abwere ndi zoyenera. Ngati akuponda, akudya, thupi silikutentha ndipo khungu ndi lathunthu, mupumitseni pa malo ofewa, thirani bondolo madzi ozizira mphindi 15 kapena 20 kawiri kapena katatu pa tsiku, yang'anani chiboda, ndipo yezani bondo ndi chingwe m'mawa uliwonse poyerekeza ndi linzake. Pakatha masiku atatu kapena anayi osasintha, nkhaniyo yakula kuposa madzi ozizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwake kukhale kwa munthu amene akuyeza, osati amene akungoyembekezera mwayi.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera kwambiri, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Kwa banja limene limadya chimene ngolo yapeza tsikulo, monga mabanja otola zitsulo zakale ndi ngolo za akavalo ku Cape Flats ku South Africa, kupumitsa kavalo sabata ziwiri ndi kugona ndi njala. Ndiye pali mankhwala otchedwa phenylbutazone, amene anthu a akavalo amangoti bute, otsika mtengo, othetsa ululu moti kavalo wotsimphina dzulo lero akukoka. Mankhwalawa ndi abwino akaperekedwa pa muyezo wake kwa kavalo amene akupuma, ndipo kwa wokalamba wa nyamakazi amabweretsa mpumulo weniweni. Koma ululu ndiwo mlonda woletsa kavalo kuponda fupa long'aluka. Mukamuchotsa mlondayo n'kumangirira ngolo, mng'alu umene ukanapola m'miyezi iwiri kapena itatu umasanduka kuthyoka kosachizika. Bute wochuluka amayambitsanso zilonda m'mimba ndi m'matumbo, ndipo amawononga impso za kavalo wogwira ntchito padzuwa wopanda madzi okwanira. Ngakhale m'mipikisano ya ndalama zambiri anaona kuopsa kobisa ululu: ku Britain kavalo saloledwa kuthamanga pasanathe masiku 14 chibayidwireni mankhwala a steroid m'mfundo. Ndipo kavalo sangachire atagona pa mphasa ngati munthu. Ayenera kuima, ndipo akatsamira mwendo umodzi nthawi yaitali chiboda cha mwendo wabwinowo chimayamba kulekana ndi fupa lake. Barbaro, kavalo amene anapambana mpikisano wa Kentucky Derby mu 2006, anathyoka mwendo wakumbuyo patangotha masabata awiri, anachitidwa opaleshoni ndi akatswiri, koma chimene chinachititsa kuti aphedwe mu January 2007 ndi matenda a ziboda za miyendo inayo. Ngati zinakanika pamenepo, mwini ngolo asayembekezere kuti kavalo wake adzapirira mwendo wothyoka. Masabata awiri a njala ndi owawa, koma kutaya kavalo kumatseka ngolo mpaka atapezeka wina, ndipo ndi chifukwa chake mabungwe monga Brooke, limene Dorothy Brooke analiyambitsa ku Cairo mu 1934, ndi Cart Horse Protection Association ya ku Cape Town amaika mphamvu pa kudula ziboda, zingwe zomangira zoyenera ndi muyezo wa katundu, zinthu zoletsa kuti tsiku lopumitsa kavalo lifike n'komwe.

Ena adzati makolo awo ankaboola zotupa kapena kuziwotcha ndi chitsulo chamoto, ndipo akavalo ankachira. Ena ankachiradi, ndipo chifukwa chake chikuoneka. Kavalo wowotchedwa sangagwire ntchito masabata angapo, ndiye chimene chinamuchiritsa ndi kupuma kumene chilondacho chinamukakamiza, kupuma kumene akanapatsidwa popanda moto. Kuwotchaku kunalinso m'manja mwa madokotala a ku Ulaya zaka mazana, ndipo ambiri anakusiya chifukwa umboni woti kumathandiza sunapezeke. Kuboola ndiye koopsa kwambiri. Thumba la hygroma likabooledwa limadzazanso, tsopano ndi mafinya, ndipo chotupa chimene sichinkapweteka chimasanduka chilonda pa malo opindika amene savomera kupola. Choipa koposa, wogwira mpeni sangadziwe ngati thumbalo ndi lapakhungu chabe kapena lalumikizana ndi mfundo, zimene zimachitika nthawi zina. Akalakwitsa, wasandutsa ndi dzanja lake kavalo woyamba uja kukhala wachiwiri. Chimodzimodzi kuthira oyilo wakuda wa galimoto, asidi wa batire kapena mankhwala oyabwa pa bala la bondo: amapha minofu imene imayenera kutseka balalo. Amene amakumbukira akavalo ochira amaiwala kuwerenga amene sanadzukenso.

N'zoona kuti akavalo ena amabadwa ndi mawondo oipa. Bondo lopindikira kumbuyo, kapena limene fupa lakumunsi silinalunjike pansi pake, limapanikizika mbali imodzi moyo wonse, ndipo wogula kavalo aime kutsogolo ndi pambali n'kuona ngati mwendo watsika mowongoka. Koma chibadwa chimangonena malo amene adzayambe kugonja. Tsiku logonjalo limadalira kulemera kwa katundu, kuuma kwa msewu, msinkhu umene anayamba ntchito ndi dzanja la wodula ziboda, amene ayenera kubwera masabata 6 mpaka 8 alionse. Chiboda chikatalika kutsogolo chimachedwetsa mwendo kunyamuka ndi kukankhira bondo kumbuyo pa phazi lililonse, ndipo chikatalika mbali imodzi chimapotoza mfundo zonse za m'mwamba mwake. Zomwezi zimagwiranso abulu, amene m'madera a Lilongwe ndi Dedza ndiwo amakoka ngolo zambiri zimene kwina zimakokedwa ndi akavalo. Bondo la bulu linapangidwa mofanana, koma bulu amabisa ululu kuposa kavalo. Akamva ululu, kawirikawiri sachita thukuta kapena kupalasa pansi. Amangoima chete, makutu ali pansi, kusinthasintha miyendo, kugona nthawi yaitali kuposa masiku onse ndi kudya monyinyirika. Thupi lake limachotsanso bute msanga kuposa la kavalo, choncho muyezo wa mankhwala si wongokopera, ufunika dokotala. Woyendetsa ngolo amene amapititsa chikhatho pa mawondo onse awiri m'mawa asanamange zingwe, kumva ngati lina lafunda kuposa linzake, amapeza vuto masiku angapo bulu asanayambe kutsimphina.